Chimbale cha Nas cha 1994 chikudindidwabe pa vinyl: mbale, msewu ndi mkhalakale wa rap

Amene amatsata nkhani za hip hop pa intaneti amakumana ndi chinthu chimene chimaimitsa mutu. Bambo wa zaka zoposa 50, amene anayamba kuimba achinyamata ambiri a lero asanabadwe, amalengeza kuti chimbale chake chatulukanso pa vinyl, mbale ya pulasitiki yoimbidwa ndi singano, ndipo anthu amalimbirana kugula pa mtengo wa madola 30 kapena kuposerapo. Nyimbo zomwezo zili pa YouTube ndi pa Spotify, aliyense atha kuzimva ndi bandulo ya tsiku limodzi. Nanga anthuwa akugula chiyani? Ndipo akamati woimbayo ndi mkhalakale, chimbalecho ndi cha mumsewu, mbaleyo ndi ya magalamu 180 kapena ndi yodindidwa koyamba, akutanthauza chiyani?

Kuti tisayankhule m'malere, titenge chitsanzo chimodzi chodziwika bwino: Nas wa ku New York ndi chimbale chake choyamba, Illmatic, chimene chinatuluka pa 19 Epulo 1994 kudzera ku kampani ya Columbia Records.

Mbale imene inabala mawu oti chimbale

Masiku ano timati woimba watulutsa chimbale ngakhale nyimbozo zili m'foni mokha. Mawuwa anachokera ku chinthu chogwirika, chozungulira ndi chophwatalala ngati mbale yodyera, chimene agogo athu ankaika pa galamafoni. Mbale zakalezo zinali zolemera, zosachedwa kusweka, zinkazungulira ka 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inkanyamula mphindi zitatu mpaka zisanu basi.

Mu 1948 kampani ya Columbia, yomweyo imene inadzatulutsa Illmatic, inabweretsa mbale ya mtundu watsopano yotchedwa LP. Ndi yaikulu masentimita 30, imazungulira ka 33 ndi kagawo pang'ono pa mphindi, ndipo mbali imodzi imanyamula mphindi pafupifupi 22. Chaka chotsatira kampani ya RCA Victor inatulutsa kambale kakang'ono ka nyimbo imodzi mbali iliyonse, kozungulira ka 45. Zonse ziwiri zinapangidwa ndi pulasitiki wa PVC, wa banja limodzi ndi wa mapaipi a madzi, ndipo dzina loti vinyl linachokera pamenepo.

Mukayang'ana mbale pafupi mumaona ngati pali mizere yambirimbiri, koma mbali iliyonse ili ndi kangalande kamodzi kokha, kamene kamayambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka pakati. Mukakawongola kangatalike mamita mazana anayi kapena kuposa. Makoma awiri a kangalandeka si osalala: khoma limodzi linasemedwa motsata mawu a sipika yakumanzere, linalo a yakumanja. Singano ikamadutsamo imanjenjemera, kunjenjemerako kumasanduka timagetsi tochepa kwambiri, ndipo ampulifaya imatikulitsa kufikira titamveka. Zili ngati njinga pa msewu wadothi wokhala ndi mabampu: chiwongolero chimagwedera ndendende momwe msewu ulili, ndipo mukadutsanso mawa pa liwiro lomwelo chidzagwedera chimodzimodzi.

Hip hop inabadwira pa mbale

Mitundu ina ya nyimbo inangojambulidwa pa vinyl, koma hip hop inapangidwa ndi vinyl. Pa 11 Ogasiti 1973, DJ Kool Herc, mnyamata wobadwira ku Jamaica, anaimba pa phwando m'nyumba ya 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx, chigawo cha mzinda wa New York. Iye anali ataona kuti ovina amasangalala kwambiri pa kachigawo kakafupi ka nyimbo pamene zida zina zonse zatonthola n'kutsala ng'oma zokha. Anagula mbale ziwiri zofanana, n'kuziika pa zoimbira ziwiri, ndipo kachigawoko kakatha pa mbale yoyamba ankakayambitsa pa yachiwiri. Masekondi ochepa a ng'oma anasanduka mphindi zingapo. Grandmaster Flash anakonza njirayi kuti pasamamveke mpata, ndipo Grand Wizzard Theodore amadziwika kuti ndiye anayambitsa kukankha mbale uku ndi uku ndi zala singano ili pompo. Woyankhula pamwamba pa ng'omazo, amene poyamba ankangochemerera ovina, ndiye anadzakhala woimba rap.

Choimbira mbale chimene chinapirira nkhanza zoterezi ndi Technics SL-1200, chimene chinatuluka mu 1972. Mota yake imazungulitsa mbale mwachindunji popanda lamba, choncho DJ akaigwira n'kuisiya imabwerera pa liwiro lake nthawi yomweyo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera makina odula kachidutswa ka nyimbo n'kukasunga kuti kazibwerezedwa, zimene oimba amazitcha sample. Makina otchuka a E-mu SP-1200, a mu 1987, ankasunga masekondi khumi okha. Mapulojusa anapeza nzeru: ankaimba mbale ya 33 pa liwiro la 45 kuti kachidutswa kakatali kalowe m'masekondi ochepawo, kenaka n'kukachedwetsa m'makinamo. Mawu ake ankatuluka okhakhala pang'ono, ndipo kukhakhalako n'kumene okonda rap ya ku New York ya nthawi imeneyo amakusaka mpaka lero.

Illmatic inamangidwa motero. Mabiti ake anapangidwa ndi DJ Premier, Large Professor, Pete Rock, Q-Tip ndi L.E.S., anthu amene ankathera tsiku lonse akufukula mbale zakale m'masitolo a zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Piyano ya mu The World Is Yours inachokera pa mbale ya woimba jazz Ahmad Jamal. It Ain't Hard to Tell inatenga kachidutswa ka Human Nature ya Michael Jackson. Ndipo mu One Love muli kaphokoso kamene khutu la ku Malawi kapena ku Zambia lingakazindikire msanga: ndi kalimba, wochokera pa mbale ya gulu la jazz la Heath Brothers ya m'ma 1970, amene Q-Tip anamudula n'kumuika pansi pa mawu a Nas. Tsono chimbalechi chikadindidwa pa vinyl, zambiri za mkati mwake zimakhala zikubwerera kumene zinachokera.

Kodi rap ya mumsewu ndi chiyani?

Msewu umene ukunenedwa pano si wa magalimoto. Ndi moyo wa pabwalo ndi pangodya za m'madera osauka a mizinda ya ku America: malonda a mankhwala ozunguza bongo, mfuti, apolisi, ndende, njuga, maliro a anyamata, ndiponso ubale ndi maloto a anthu okhala mmenemo. Achinyamata akwathu angati ndi nyimbo za m'geto. Rap ya mumsewu imafotokoza moyo umenewu kuchokera mkati, ndi maina a malo enieni ndi chiyankhulo cha pamalopo, ndipo siithamangira kolasi yokoma yoti wailesi iikonde.

Msewu wa Nas ndi Queensbridge, mudzi wa nyumba za boma m'mbali mwa mtsinje wa East River ku Queens, chigawo china cha New York. Unatsegulidwa mu 1939, uli ndi nyumba zosanjikizana 96, iliyonse ya nsanjika zisanu ndi imodzi, zogona mabanja oposa 3,000, ndipo ndiwo waukulu kuposa midzi yonse yotere ku America. Mudziwu unali kale ndi mbiri pa rap: Marley Marl, MC Shan ndi Roxanne Shanté anachokera komweko, ndipo Nas anakula akuwaona.

Anakulanso m'nyengo yoipa. Pakati pa zaka za m'ma 1980 mankhwala otchedwa crack, amene ndi cocaine wophikidwa kukhala timiyala totsika mtengo, anafala m'madera a anthu osauka. Mu 1990 mokha anthu 2,245 anaphedwa mu mzinda wa New York. Boma linayankha ndi zilango zowawa. Lamulo la mu 1986 linati wopezeka ndi magalamu 5 a crack alandire zaka zisanu m'ndende, chilango chofanana ndi cha wopezeka ndi magalamu 500 a cocaine waufa. Popeza crack inali ya osauka, lamuloli linakokolola anyamata akuda ambirimbiri, ndipo linafewetsedwa mu 2010. Mu Meyi 1992 mnzake wapamtima wa Nas, amene m'nyimbo amamutchula kuti Ill Will, anawomberedwa n'kufa mu Queensbridge momwemo, ndipo mng'ono wake wa Nas anavulazidwa pa chiwembu chomwecho.

Mukadziwa izi mumamvetsa chifukwa chake One Love inalembedwa ngati makalata opita kwa anzake ali m'ndende, kuwauza za kumudzi: wabadwa ndani, wawomberedwa ndani, mayi akulira bwanji. Imakumbutsa kalata imene munthu ankalembera m'bale wake ali ku migodi ya ku Joni, yonena zabwino ndi zoipa zonse mosabisa chifukwa wolandirayo alibe kwina komvera.

Ambiri amasokoneza rap ya mumsewu ndi gangsta rap, imene inatchuka ku Los Angeles ndi Ice-T ndi gulu la N.W.A. Malire ake si olimba, koma pali kusiyana kumene odziwa amakuona. Mu gangsta rap woimba nthawi zambiri amavala yekha udindo wa chigawenga n'kuyankhula mwaukali. Mu rap ya mtundu wa Illmatic woimba amakhala ngati wayima pazenera, akuona zonse, nthawi zina n'kutsikira pansi kukachita nawo, kenaka n'kubwerera kukalingalira. Njirayi inalambulidwa ndi Kool G Rap, wa ku Queens yemwenso, amene ankalumikiza mawu ofanana kamvekedwe atatu kapena anayi mu mzere umodzi uku akusimba nkhani ya upandu.

Nyimbozi zili ndi mawu otukwana, ndipo zina zimanyoza akazi ndi kusimba zakupha. N'chifukwa chake pa chikuto pamakhala chizindikiro chakuda ndi choyera cha Parental Advisory, chochenjeza makolo, chimene chinakhazikika m'maonekedwe amenewa mu 1990. Otsutsa amati nyimbo zotere zimakometsa upandu ndipo zimaphunzitsa ana kuti mfuti ndi ulemu. Oikira kumbuyo amati woimbayo sanabweretse crack kapena mfuti m'mudzimo, iye wangonena zimene nyuzi zinkazilambalala. Mbali zonse ziwiri zili ndi mavesi oti zingalozepo.

Mkhalakale m'nyimbo za achinyamata

Mu jazz kapena reggae woimba wa imvi ndi chinthu chozolowereka. Mu rap sizinali choncho, pa chifukwa chosavuta: nyimbozi zinayamba kugulitsidwa pa mbale mu 1979, ndiye mpaka m'ma 2000 kunalibe woimba rap wokalamba woti anthu aonerepo. Ambiri ankazilala pakatha zimbale ziwiri kapena zitatu. Mkhalakale ndi amene wadutsa mibadwo ingapo ya kaimbidwe akutulutsabe ntchito yatsopano, osati wongokumbukiridwa ndi nyimbo imodzi.

Nasir Jones anabadwa pa 14 Sepitembala 1973 ku Brooklyn. Bambo ake, Olu Dara, ndi woimba lipenga wa jazz, ndipo lipenga limene limamveka kumapeto kwa nyimbo yachitatu ya Illmatic ndi lawo. Nas anasiya sukulu ali wamng'ono, asanafike patali ndi sekondale. Anamveka koyamba mu 1991, ali ndi zaka 17, pa vesi imodzi m'chimbale cha gulu la Main Source, ndipo vesi imodziyo inachititsa kuti New York yonse imudikire kwa zaka zitatu.

Illmatic itatuluka iye anali ndi zaka 20. Magazini ya The Source inaipatsa mamaikolofoni asanu, mulingo wake wapamwamba umene sinkaupereka wamba. Koma malonda sanathamange. Chimbalecho chinayambira pa nambala 12 pa mndandanda wa Billboard wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, chinafika makope 500,000 mu 1996, ndipo miliyoni inakwana mu 2001. Apa m'pamene pali phunziro la momwe zimbale za mumsewu zimayendera: sizigulidwa mwa chigumula sabata yoyamba, koma sizisiya kugulidwa.

Chimbale chachiwiri, It Was Written cha mu 1996, chinali ndi mabiti osalala ndipo chinafika pa nambala 1. Ena anakondwa, ena anati mnyamata wasiya msewu kutsata ndalama, ndipo mkangano umenewu unamutsata kwa zaka. Kumapeto kwa ma 1990 ambiri ankati watha. Mu 2001 anakangana poyera ndi Jay-Z kudzera m'nyimbo, n'kubwerera mwamphamvu ndi Stillmatic. Awiriwa anayanjana mu 2005, ndipo chaka chotsatira Nas analowa kampani ya Def Jam imene Jay-Z ankaitsogolera. Mu 2010 anatulutsa Distant Relatives limodzi ndi Damian Marley, chimbale chokamba kwambiri za Africa.

Chodabwitsa chinadza mochedwa. Pakati pa 2020 ndi 2023 anatulutsa zimbale zisanu ndi chimodzi ndi pulojusa Hit-Boy, amene ndi wamng'ono kwa iye ndi zaka 14. Choyamba, King's Disease, chinamupatsa mphoto yake yoyamba ya Grammy mu Malichi 2021, ali ndi zaka 47. Chomaliza chinatuluka tsiku limene ankakwanitsa zaka 50. M'chaka cha 2021 Library of Congress, nyumba yosunga mabuku ndi zojambulidwa ya dziko la America, inaika Illmatic pa mndandanda wa zojambulidwa zoyenera kusungidwira mibadwo.

Mphindi 40 ndi momwe mbale imapangidwira

Illmatic ili ndi zigawo khumi zokha, mphindi zosakwana 40. M'nthawi imene CD inkalola mphindi 74 ndipo oimba ankaidzaza, ichi chinali chachilendo. Ena amene anali pafupi ndi ntchitoyo anenapo kuti chimbalecho chinafulumizitsidwa chifukwa makope akuba anali atayamba kale kuyenda m'misewu. Kaya chifukwa chinali chotani, kufupikaku kunachiyenereza vinyl: zigawo zisanu mbali iyi, zisanu mbali inayo, mphindi pafupifupi 20 uku ndi uku. Mbalizo sanazitche A ndi B. Anazitcha 40 Side North ndi 41st Side South, potengera magawo awiri a Queensbridge, kotero kuti potembenuza mbale mumakhala ngati mwawoloka kupita kutsidya lina la mudziwo.

Mphindi zili ndi kanthu chifukwa besi imadya malo. Mawu otsika amafuna kangalande kokhota kwambiri, ndipo hip hop imakhalira besi ndi ng'oma yaikulu. Mukakakamiza mphindi 28 mbali imodzi, wosema amayenera kupanikiza mizere ndi kutsitsa voliyumu, ndiye nyimbo zimamveka zofooka ndipo kuthetheka kwa pulasitiki kumamveka kwambiri. N'chifukwa chake zimbale za rap za mphindi 70 zimadindidwa pa mbale ziwiri, mtengo n'kukwera.

Ntchito yopanga mbale imayambira kwa katswiri wokonza mawu. Iye amasonkhanitsa besi yotsika kwambiri kuti ikhale pakati, osati kumanzere kapena kumanja kokha, chifukwa ikapendekera mbali imodzi singano imalumpha. Amachepetsanso ukali wa "s", umene pa vinyl umasanduka phokoso lokanda m'khutu, ndipo mu rap, mmene mawu amatsatana mothinana, vutoli ndi lalikulu. Kenaka makina osemera amalemba kangalande ndi singano yotenthetsedwa pa mbale ya aluminiyamu yokutidwa ndi utoto wofewa wotchedwa lacquer. Posema amachepetsa dala besi n'kukweza mawu okwera, motsata muyezo wa mu 1954 wa RIAA, bungwe la makampani a nyimbo a ku America, ndipo choimbira chimadzabweza zimenezi poimba.

Mbale yosemedwayo ndi yofewa, singadinde chilichonse. Amaipopera siliva n'kuiviika m'madzi a mankhwala momwe magetsi amamatirira chitsulo cha nickel pamwamba pake. Chitsulocho akachimatula chimakhala ndi timizere totukuka m'malo mwa ngalande. Amisiri amachitcha bambo. Kuchokera kwa bambo amapanga mayi, wokhalanso ndi ngalande, ndipo kuchokera kwa mayi amapanga zikombole zodindira. Woumba njerwa angamvetse msanga: chikombole chikakhala ndi chilema, njerwa zonse zotuluka mmenemo zimakhala nacho.

Pa makina odindira amaika chikombole cha mbali imodzi pamwamba, cha mbali inayo pansi, ndipo pakati amaikapo mpira wa PVC wotentha, waukulu ngati mtanda wa nsima, utapanidwa ndi mapepala awiri olembedwa maina a nyimbo. Mapepalawo samamatidwa ndi guluu, amalowerera m'pulasitiki momwemo. Nthunzi imatenthetsa zikombole kupitirira madigiri 150, makina amapana ndi mphamvu ya matani pafupifupi 100, madzi ozizira amadutsa kuti mbale iume, ndipo mpeni umadula zotsalira m'mphepete. Mbale imodzi imatenga masekondi pafupifupi 30. Chikombole chimodzi chimatopa chikadinda mbale pafupifupi 1,000. Asanadinde zambiri, amatulutsa zochepa zoyesera kuti woimba ndi kampani amve ndi kuvomereza.

Zolakwika zake n'zodziwika. Pulasitiki akapanda kudzaza bwino chikombole, pamamveka phokoso ngati nsalu ikung'ambika. Bowo likaphonya pakati ngakhale pang'ono, piyano imamveka ngati ikulira mokweza ndi kutsitsa. Mbale ikachotsedwa isanazizire imapindika. Palinso vuto limene silichoka: kunja kwa mbale singano imayenda masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, koma pafupi ndi pakati imayenda pafupifupi 20, ndiye nyimbo yomaliza ya mbali iliyonse imakhala yopanikizika ndipo siimveka mwaukhondo ngati yoyamba.

Ntchito yonseyi yatsamira pa mafakitale ochepa. Mu Febuluwale 2020 fakitale ya Apollo Masters ku California, imene inkapanga mbale zambiri za lacquer padziko lonse, inapsa, n'kutsala kampani imodzi ya ku Japan. Ena anatembenukira ku njira yosema mwachindunji pa mbale ya kopa.

Pogula ndi poimba

Chimbale chimodzi chimakhala ndi madindidwe ambiri. Illmatic inadindidwa mu 1994, n'kudindidwanso kangapo, kuphatikizapo mu 2014 pokumbukira zaka 20. Yodindidwa koyamba imakwera mtengo chifukwa ndi yosowa, popeza m'ma 1990 ogula ambiri anali pa CD ndi kaseti ndipo vinyl inkagulidwa makamaka ndi ma DJ, amene ankaigwiritsa ntchito mpaka kuperepeseka. Kuti mudziwe dindidwe, musadalire chikuto. Pendekani mbale pa kuwala n'kuwerenga manambala ndi zilembo zozokotedwa pa malo osalala apakati pa nyimbo yomaliza ndi pepala, kenaka muziyerekeze ndi zimene zalembedwa pa Discogs, tsamba limene osonkhanitsa mbale amalembapo dindidwe lililonse. Ogulitsa amaikanso mulingo: NM ndi yoti ili ngati yatsopano, VG+ ili ndi timikwingwirima tosasokoneza, VG imathetheka momveka. Makope achinyengo alipo ambiri, ndipo kawirikawiri amadziwika ndi chithunzi chosaoneka bwino pa chikuto.

Za magalamu 180 musatengeke nazo kwambiri. Mbale wamba imalemera magalamu 120 mpaka 140. Yolemera imagwirika bwino m'manja ndipo siipindika msanga, koma kuya kwa kangalande n'kumodzimodzi. Kukoma kwa mawu kumachokera kwa wosema ndi ku gwero la mawu amene anapatsidwa.

Choimbira chimafuna zinthu zingapo kuti chisawononge mbale. Singano iyenera kutsamira ndi kulemera kumene opanga analemba, kawirikawiri magalamu 1.5 mpaka 2.5. Kuika ndalama yachitsulo pamutu pake kuti isalumphe kumakumba kangalande, ndipo kuipepukitsa mopitirira kumaichititsa kudumphadumpha n'kukanda makoma. Singano imatha pakadutsa maola 500 mpaka 1,000, ndipo yakutha imadya mbale. Waya wa choimbira uyenera kulowa pa khomo lolembedwa phono, kapena kudutsa kaye m'kabokosi kochita ntchito imeneyo. Mukaulowetsa pa AUX mudzamva mawu otsika, opyapyala, opanda besi, chifukwa muyezo wa RIAA uja sunabwezedwe. Kung'ung'uza kosalekeza nthawi zambiri kumatanthauza kuti kawaya kopyapyala ka ground sikanamangidwe.

Amene akutumizirani choimbira kuchokera ku America akumbukire za magetsi. Kumeneko ndi mavoti 120 pa 60 Hz, pamene ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain ndi 220 mpaka 240 pa 50 Hz. Thiransifoma imateteza kuti chisapse, koma pa zoimbira zina, zimene mota yake imatsata kugunda kwa magetsi a m'khoma, mbale ya 33 idzazungulira pafupifupi ka 28, ndipo Nas adzamveka ngati nkhalamba yotopa. Zoimbira zokhala ndi mota yodziwongolera liwiro zilibe vutoli.

Adani ena ndi kutentha ndi fumbi. Mbale yosiyidwa m'galimoto padzuwa, kapena pafupi ndi malata m'mwezi wa Okutobala, imapindika ndipo kuiwongola n'kovuta. Muziisunga choimirira ngati buku, osati mosanjikiza, muziigwira m'mphepete, ndipo muziipukuta ndi burashi yofewa motsata mizere.

Ndalama zake

Vinyl inatsala pang'ono kufa m'ma 1990, koma kuyambira chakumapeto kwa ma 2000 malonda ake akhala akukwera. Mu 2022 ku America kunagulidwa mbale za vinyl 41 miliyoni pamene ma CD anali 33 miliyoni, koyamba kuti vinyl ipose CD chichokereni 1987. Kwa woimba wa mumsewu masamu ake ndi omveka. Bungwe la RIAA limawerenga kuti nyimbo zimvedwe ka 1,500 pa intaneti kuti zifanane ndi chimbale chimodzi chogulidwa. Woimba amene wailesi siimuimba, koma ali ndi omutsata okhulupirika zikwi zochepa, angapeze zambiri podinda makope mazana angapo n'kuwagulitsa yekha. Gulu la rap la Griselda la ku Buffalo linakula motero pakati pa ma 2010, ndipo akhalakale ambiri atsata njira yomweyo. Omwe ankamvera Nas pa kaseti ali ku sekondale lero ali pa ntchito, ndipo atha kugula chinthu choti aike pa shelefu.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi lakuti kodi vinyl imamvekadi bwino kuposa foni. Pa zoyezera, nyimbo za digito zili ndi phokoso lochepa ndipo siziperepeseka. Okonda vinyl amati makope ake nthawi zambiri sapanikizidwa voliyumu ngati a pa intaneti, ndiye ng'oma zimapuma. Pa hip hop funsoli limapota kawiri, chifukwa mabiti aja anadutsa kale m'makina a digito asanafike pa tepi. Mu 2022 zinadziwika kuti kampani ya Mobile Fidelity, yotchuka ndi mbale zodula, inkadutsitsa mawu mu digito kwa zaka zambiri akatswiri omvera osazindikira, ndipo mbali iliyonse ya mkanganowu inatengapo umboni wake.

Lachiwiri ndi la eni nyimbo zodulidwa. Mu 1991 khoti la ku New York linagamula kuti Biz Markie analakwa potenga kachidutswa ka nyimbo ya Gilbert O'Sullivan popanda chilolezo, ndipo kuyambira pamenepo makampani anayamba kuonetsetsa kuti ma sample akulipiridwa. Zimbale zoyambirira za gulu la rap la De La Soul zinakhala kunja kwa Spotify mpaka Malichi 2023 pa zifukwa zokhudza zilolezo ndi mapangano akale. Woimba jazz wokalamba ali ndi ufulu wodya thukuta lake, koma kodi mnyamata wa m'geto wopanda kampani yaikulu angathe kupanga chimbale ngati Illmatic lero? Pomwepo pali funso la mwini tepi yoyambirira imene nyimbo zinajambulidwapo. Lamulo la ku America limalola wopanga nyimbo kuitanitsa ufulu wake kwa kampani pakatha zaka 35, zimene kwa zimbale za mu 1994 zikuloza cha m'ma 2029, koma makampani ena amati oimba anali ngati aganyu olembedwa ntchito, ndipo nkhaniyi sinathe m'makhoti.

Lachitatu ndi la mavesi m'bwalo la milandu. Oimira boma pa milandu ku America akhala akuwerenga mawu a rap ngati umboni wa upandu, monga zinachitikira pa mlandu wa woimba rap Young Thug ku Atlanta. Mu 2022 California inakhazikitsa lamulo lochepetsa mchitidwewu, koma madera ambiri alibe lamulo lotere. Rap ya mumsewu imadzitama kuti imanena zoona, ndiye malire a umboni ndi ndakatulo ali pati?

Palinso funso la wogula. Kafukufuku wa kampani ya Luminate wofalitsidwa mu 2023 anapeza kuti theka lokha la ogula vinyl ku America ndi amene ali ndi choimbira. Ngati mbale yosimba za umphawi wa ku Queensbridge ikugulidwa pa mtengo umene mnyamata wa ku Queensbridge wa lero angaganize kawiri, n'kukakhala pa khoma osatsegulidwa, kodi ikufikira ndani? Ndipo Nas, amene anachoka m'mudzimo zaka 30 zapitazo, amene tsopano ndi mwini nawo wa kampani ya Mass Appeal, akamaimba za msewu amakhala mboni kapena wosunga mbiri? Ena amati msewu umafuna wokhalamo lero. Ena amati amene anaika m'manda anzake ali ndi zaka 18 sauchoka msewuwo, ngakhale atasamukira kutali bwanji.